Ku Algarve mudye nsomba ziti, mumwere vinyo uti?

Funso: Ndimakhala ku Leicester, ndipo mu Julayi ine ndi mayi akunyumba tikupita ku Algarve, kum'mwera kwa Portugal, kwa sabata imodzi. Ndinakulira ku Nkhotakota, choncho nsomba ndimazidziwa, koma za m'nyanja yamchere, makamaka zija za m'zigoba, sindinaziikepo m'kamwa. Mayiwo sadya nkhumba. Tikadye chiyani chimene ndi chenicheni cha kumeneko, nanga vinyo wake ndi uti? Anzanga akungoti cataplana ndi vinho verde basi.

Yankho: Achimwene, anzanuwo sanakunamizeni, koma angokulawitsani msuzi, nsomba yatsala mumphika. Cataplana ndi ya ku Algarve ndithu, ndipo tifikako. Vinho verde ndiye ayi. Amachokera ku Minho, kumpoto kwenikweni kwa Portugal, makilomita oposa 500 kuchokera kumene mukupitako. Kumumwa ku Faro, likulu la Algarve, si mlandu, koma zili ngati mlendo amene wafika ku Nsanje, wadya mpunga wa kilombero, n'kubwerera kwawo akuti walawa za kuchigwa cha Shire.

Chakudya chenicheni cha ku Algarve ndi cha asodzi osauka, ndipo munthu wokulira kunyanja ngati inu akuchidziwa kale kuposa alendo ambiri amene amaopa minga. Nsomba yowotcha pamakala, nsomba yamchere youmitsa padzuwa, phala la chimanga: zonsezi muzipeza kumeneko. Mayina okha ndiwo achilendo.

Gombe la kum'mwerali ndi lotalika makilomita pafupifupi 150, kuyambira ku Cabo de São Vicente kuzambwe mpaka ku mtsinje wa Guadiana, umene ndi malire ndi Spain. Kuzambwe kwa Faro kuli matanthwe ndi madzi akuya. Kuvuma kuli Ria Formosa, thamanda lalikulu la madzi amchere lotalika makilomita ngati 60, lotchingidwa ndi tizilumba tamchenga. Madzi akabwerera kunyanja, kumatsala matope ndi mchenga, ndipo mudzaona anthu atawerama ndi zidebe akukumba. Ndiye m'mbale mumabwera zimene zili pafupi: kuzambwe nsomba za m'madzi akuya, kuvuma za m'zigoba ndi polvo, chilombo cha m'nyanja cha miyendo 8.

Yambani ndi sardinha, chifukwa mwasankha mwezi wake. Nsombayi imanona kuyambira mu Juni mpaka cha mu Sepitembala. Apwitikizi ali ndi chonena chakuti pa chikondwerero cha São João, pa 24 Juni, sardinha imadontha mafuta pabuledi. Mukapita mu Febuluwale mudzapatsidwa yowonda kapena ya mufiriji, koma mu Julayi imakhala pachimake. Musaiganizire ngati ya m'chitini ija. Ndi yotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo amaiwotcha yathunthu, osaichotsa mamba, osaitumbula, atangoiwaza mchere wamiyala. Imabwera ndi mbatatesi yophika, tsabola wobiriwira wowotcha, ndi saladi ya tomato ndi anyezi. Eni dziko amaigoneka pachidutswa cha buledi, kusenda khungu ndi zala, kudya mnofu wa mbali imodzi, kutembenuza, kenako kumalizira ndi buledi uja atamwa mafuta onse. Foloko ndi mpeni zisiyeni, palibe amene akuyang'aneni. Malo odziwika ndi ku Portimão, m'mphepete mwa mtsinje wa Arade pafupi ndi mlatho wakale, kumene utsi wa makala umakulandirani musanaone n'komwe tebulo. Chikondwerero chawo cha sardinha chimachitika mu Ogasiti, ndiye mudzachiphonya, koma sindikudandaulirani: nsomba ndi yomweyo, anthu ndiwo amachepa. Mumzinda womwewo muli nyumba yosungiramo zakale imene kale inali fakitale yoika nsomba m'zitini ya Feu Hermanos. Makina ake akadalimo, ndipo mudzaona mmene amayi mazanamazana ankadulira mitu ya sardinha tsiku lonse. Ola limodzi limakwana.

Pa mndandanda wa zakudya mudzaonanso mawu akuti carapau, ndipo mudzaseka, chifukwa ndi karapao yemwe uja amabwera atauma ndi chisanu m'makatoni n'kumagulitsidwa m'misika ya kwathu ndi ku Tete. Dzinalo tinalitenga kwa Apwitikizi omwewa. Ku Algarve amamukonza m'njira imene amaitcha carapaus alimados: amamuthira mchere n'kumusiya kwa maola angapo kapena usiku wonse, kumuwiritsa pang'ono, kusenda khungu m'madzi ozizira mpaka mnofu utayera, kenako kuthira mafuta a maolivi, adyo, anyezi ndi viniga. Amadyedwa wozizira. M'malesitilanti a alendo simumupezapeza, koma mukamuona itanitsani, chifukwa ndicho chizindikiro chakuti kukhitchiniko kuli munthu wa komweko.

Tsopano chimene ndikufunitsitsa mukadye: xarém, ena amalemba xerém, ndipo x ameneyo amatchulidwa ngati sh. Kwawo kwenikweni ndi ku Olhão, tauni ya asodzi makilomita ngati 10 kuvuma kwa Faro. Ndi phala la ufa wa chimanga chachikasu, wogaya mokhakhala kuposa mgaiwa, lophikidwa mumsuzi wa conquilhas. Conquilhas ndi tinkhono ta zigoba ziwiri tating'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, timene amatikokolola mumchenga m'madzi ofika m'chiuno. Amayamba ndi kutitsegula pamoto, msuzi wake n'kuusefa kuti mchenga utsale, kenako kuwazamo ufa pang'onopang'ono akutakasa kuti lisachite mibulu, ndendende mmene mayi akunyumba amayambira nsima. Kusiyana kwake n'kwakuti sathiranso ufa wolimbitsa. Limatsala phala lokhuthala lodya ndi supuni, ndipo ndiwo zimakhala momwemo. Nthawi yoyamba imene ndinalidya, chinandivuta ndi mtima osati lilime: phala lothira mchere, adyo ndi masamba a coriander, phala lonunkhira nyanja! Pofika supuni yachitatu ndinali nditagonja. Chimanga chinachokera ku America, ndipo ku Algarve ngati kwathu chinakhala chakudya cha munthu amene ndalama zake ndi zochepa koma pakhomo pali ana ambiri. Chenjezo kwa mayi: xarém yachikhalidwe amaiyamba ndi toucinho, mafuta a nkhumba okazinga, ndipo ena amaikamo chouriço, soseji ya nkhumba.

Nkhani ya nkhumbayi muitenge mozama, chifukwa Apwitikizi kusakaniza nkhumba ndi za m'nyanja samakuona ngati chinthu choyenera kutchula. Cataplana ndi dzina la chiwiya: mbale ziwiri zamkuwa zozungulira, zolumikizidwa ndi hinje, zotsekeka ndi zokowera m'mbali ngati chigoba cha nkhono zomwezo. Amisiri osula mkuwa a ku Loulé amazipangabe ndi nyundo. Ambiri amati zinabwera ndi Aluya, amene analamulira chigawochi mpaka mu 1249 ndipo anachisiyira dzina, pakuti Algarve ndi al-Gharb, kutanthauza kuzambwe. Pansi amayala anyezi, adyo, tomato, tsabola ndi mafuta a maolivi, pamwamba nsomba kapena nkhono, kuthira vinyo woyera pang'ono, kutseka, n'kuika pamoto kwa mphindi 15 kapena 20. Nthunzi ilibe kothawira, ndiye zonse zimapsa m'madzi ake omwe. Amaitsegulira patebulo panu, ndipo fungo limene limatuluka pamenepo ndilo limagulitsa chakudyachi. Koma cataplana yakale kwambiri, ya amêijoas, mtundu wina wa nkhono za zigoba ziwiri, imakhala ndi chouriço ndi presunto, mwendo wa nkhumba wothira mchere ndi kuumitsa, zonsezi nkhumba yokhayokha. Chimodzimodzinso carne de porco à alentejana, imene pachithunzi imaoneka ngati mbale ya nkhono pamene pansi pake ndi nyama ya nkhumba. Phunzirani mawu awiri: “tem porco?”, kufunsa ngati muli nkhumba, ndi “sem porco”, kunena kuti isakhalemo. Cataplana de peixe, ya nsomba, kapena ya tamboril, nsomba yonyansa nkhope koma ya mnofu wolimba wopanda minga ing'onoing'ono, nthawi zambiri zimatheka popanda nkhumba, komabe funsani. Ngati kusadya nkhumba kwa mayi n'kwa chipembedzo chimene chimaletsanso za m'madzi zopanda mamba ndi zipsepse, ndiye nkhono, nkhanu, polvo ndi tamboril yemwe zonse zatuluka, ndipo iwo akhale pa sardinha, carapau, dourada, robalo ndi sargo. Sadzagona ndi njala.

Maganizo anga pa cataplana ndi akuti idyeni kamodzi, pamalo pamene akuuzani kuti mudikire theka la ola. Ikabwera pasanathe mphindi 10, dziwani kuti msuzi unaphikidwa m'mawa mupoto wamba, chamkuwacho angochigwiritsa ntchito ngati mbale. Imodzi imakwanira anthu awiri, ndipo imabwera ndi mpunga kapena mbatatesi.

Popeza za m'zigoba simunadyepo, yambani ndi zochepa, masana, osati usiku woti mawa mukukwera ndege. Pali anthu amene matupi awo sagwirizana nazo, ndipo munthu sadziwa mpaka atalawa. Milomo ikayamba kuyabwa kapena kutupa, lekani pomwepo, ndipo kupuma kukavuta imbani 112. Nkhono imene yapsa koma chigoba sichinatseguke musaikakamize, itayeni. Chinanso, musatengeke ndi anthu okumba pagombe n'kuyamba kutola zanu. Nthawi zina m'madzi mumachuluka ndere zokhala ndi poizoni amene nkhono zimasunga m'thupi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Bungwe la boma la IPMA limayeza madzi ndi kutseka madera ena zikatero, ndipo zogulitsidwa m'misika yovomerezeka zimakhala zoyezedwa. Poyambira pabwino ndi conquilhas zokazinga ndi adyo ndi mafuta a maolivi, zimene mumangopsopsona chigoba chimodzichimodzi ngati mukudya mtedza, kenako arroz de lingueirão, mpunga wamsuzimsuzi wophika ndi nkhono zazitali ngati mpeni wometera. Ostras, nkhono za zigoba zokhakhala, za ku Ria Formosa ndi zotchuka, koma zimadyedwa zaziwisi, ndiye ndingakonde muziike kumapeto kwa sabata, ndipo mayi woyembekezera asazikhudze.

Polvo ndi chilombo chija cha miyendo 8. Kamudzi ka Santa Luzia, pafupi ndi Tavira, kamadzitcha likulu lake, ndipo kagwiridwe kake mukakonda inu a kunyanja. Amamanga timiphika tadothi, alcatruzes, pachingwe chachitali n'kutimiza pansi pa nyanja popanda nyambo. Polvo amakonda pobisala, ndiye amalowamo yekha n'kukhazikika ngati wapeza nyumba ya lendi yaulere. Masiku ano ambiri akugwiritsa ntchito tapulasitiki, komanso covos, zimene ndi mono weniweni. Akamuphika bwino amakhala wofewa ngati chifu cha mbuzi chimene chakhalitsa pamoto, ndipo amamuwotcha mu uvuni ndi mbatatesi, adyo ndi mafuta ambiri. Kuzambwe, cha ku Aljezur, amamudyera mbatata ya kholowa imene amalima komweko.

Tuna, amene iwo amati atum, ali ndi mbiri yomvetsa chisoni. Kwa zaka mazana ambiri asodzi a ku Tavira ankatchera makoka akuluakulu okhazikika ndi anangula, kudikira tuna akamadutsa kupita ku Mediterranean kukaswana. Nsomba zitachepa, ntchitoyi inagwa m'zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970. Pagombe la Barril mudzaona anangula adzimbiri ochuluka atandandalikidwa mumchenga, ndipo malowo amawatcha manda a anangula. Chimene chinatsala ndi kasungidwe kake. Ku Vila Real de Santo António, kumene kampani ya zitini ya Ramirez inayambira mu 1853, amapangabe muxama: mnofu wa tuna wothira mchere ndi kuumitsa ndi mphepo mpaka utalimba ngati chikopa, wodula mopyapyala kwambiri n'kudontheza mafuta. Kwa mayi, imeneyi ndiyo ilowe m'malo mwa presunto. Mchere wake ndi wa pafupi pomwepo, wa m'madambo a ku Castro Marim.

Tibwere ku vinyo. Algarve ndi dera lotentha, la dzuwa la maola pafupifupi 3,000 pachaka, ndipo mapiri a Monchique ndi Caldeirão amatchinga mphepo yozizira yochokera kumpoto. Mphesa zimapsa msanga ndi kuchuluka shuga, ndiye vinyo amatuluka waukali koma wochepa kuwawasa. Vuto lake n'lakuti nsomba yonona imafuna vinyo wowawasa, pa chifukwa chomwe chija timafinyira mandimu pa chambo chokazinga: kuwawasako kumadula mafuta, m'kamwa mumayera, nthongo yotsatira imakoma ngati yoyamba. N'chifukwa chake kwa nthawi yaitali ngakhale eni malesitilanti a komweko ankagulitsa vinyo wa kumpoto. Bwalo la ndege la Faro litatsegulidwa mu 1965, alimi ambiri anaona kuti munda umapindula kwambiri ukamera hotela kusiyana ndi mpesa, ndipo minda yambiri inazulidwa. Vinyo amene anatsala anali wa makopaletivu, wotchipa, womwera kuiwala mavuto. Zinthu zinayamba kusintha cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, alimi ang'onoang'ono atayamba kukolola msanga ndi kuwiritsa vinyo m'matanki ozizira. Woimba wa ku Britain Cliff Richard anathandiza kutchukitsa derali ndi vinyo wake wa Vida Nova, wa ku Guia pafupi ndi Albufeira, ngakhale si ameneyo ndingakutumeni kukafuna.

Madera ovomerezeka a vinyo alipo 4: Lagos, Portimão, Lagoa ndi Tavira. Koma musavutike kufunafuna mayina amenewa pabotolo, chifukwa opanga ambiri abwino amangolemba kuti Vinho Regional Algarve, popeza malamulo ake amawapatsa ufulu wosankha mphesa. Inu yang'anani dzina la mphesa. Pa woyera, Arinto ndiye bwenzi lanu, chifukwa amasunga kuwawasa ngakhale kutenthe bwanji. Crato Branco, amene kwina amamutcha Síria kapena Roupeiro, ndi wa komweko, wonunkhira bwino, koma amafuna kumwedwa akadali wamng'ono, ndiye sankhani botolo la chaka chatha kapena chinzake. Amenewa ndiwo a conquilhas, xarém, mpunga wa lingueirão ndi nsomba yoyera yowotcha. Akhale ozizira, madigiri 8 mpaka 10, ndipo botolo likhale m'chidebe cha madzi oundana, chifukwa dzuwa la mu Julayi limalitenthetsa musanamalize tambula yoyamba.

Mphesa imene ndimaikonda ndi Negra Mole, ya ku Algarve kwenikweni, imene kale ankaipeputsa chifukwa vinyo wake satuluka wakuda. Phava limodzi limatha kukhala ndi zipatso zakuda, zofiirira ndi zotuwa. Vinyo wake ndi wofiira mopepuka, woti mukaika chala kuseri kwa tambula mumachiona, ndipo saumitsa m'kamwa. Mfundo yagona pamenepa. Vinyo wofiira wolemera, uja amakusiyani m'kamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa, akakumana ndi mafuta a nsomba amatulutsa kakomedwe ka chitsulo, ngati mwanyambita supuni yadzimbiri. Negra Mole sachita zimenezo, makamaka akazizira pang'ono, madigiri 13 kapena 14. Ndi sardinha yamakala, polvo wa mu uvuni kapena cataplana ya tomato wambiri, palibe womuposa. Morgado do Quintão, pakati pa Lagoa ndi Silves, ndi amodzi mwa amene anamubwezera ulemu. Kulinso Quinta dos Vales ku Estômbar, Barranco Longo ku Algoz ndi Monte da Casteleja pafupi ndi Lagos, ndipo minda yambiri yotere imalandira alendo mukapangana nawo pasadakhale. Ofiira olemera a Syrah, Aragonez kapena Touriga Nacional, amene ukali wawo umafika 14 peresenti kapena kuposa, asungireni tsiku la nyama. Ngati Negra Mole palibe, rosé, vinyo wapinki, wosatsekemera wa komweko agwira ntchito, ndipo vinho da casa, vinyo wamba wa mujagi, m'kalesitilanti ka asodzi si wochititsa manyazi.

Mukamaliza kudya mwina adzakupatsani medronho, kachasu wa zipatso zakutchire za m'mapiri a Monchique. Ndikuti kachasu chifukwa ndi kachasudi, wotcheza m'miphika yamkuwa, ukali wake kuposa 40 peresenti. Katambula kamodzi n'kokwanira. Ngati mwabwereka galimoto, dziwani kuti malire a mowa m'magazi ku Portugal ndi magalamu 0.5 pa lita ya magazi, pamene ku England munazolowera 0.8. Sitima yapamtunda imayenda kuchokera ku Lagos kudzera ku Portimão, Faro, Olhão ndi Tavira mpaka ku Vila Real de Santo António, ndiye malo ambiri amene ndatchulawa mungawafike popanda chiwongolero.

Za thumba. Buledi, maolivi ndi tina timene amaika patebulo musanaitanitse si mphatso, mukadya mulipira, mukapanda kufuna nenani achotse. Nsomba zikuluzikulu amagulitsa pa kilo, ndipo apa ndi pamene ndinapsa: pa lesitilanti ina ya m'mphepete mwa nyanja ndinaloza nsomba osafunsa kulemera kwake, bilu itabwera njala inayambiranso. Auzeni aiyeze muli pomwepo. Ngati kilo ndi mayuro 60 ndipo nsombayo ndi magalamu 800, mukudziwiratu kuti ndi mayuro 48. Dourada ndi robalo zotchipa, zofanana msinkhu ngati mapasa, ndi zoweta. Si zoipa, koma funsani kuti “é do mar?” kutanthauza kuti “ndi ya m'nyanja?”, kuti musalipire yoweta pa mtengo wa ya m'nyanja. Lolemba musadye nsomba yodula, chifukwa Lamulungu mabwato ambiri sapita panyanja.

Loweruka m'mawa mukakhale ku Olhão. Msika wake ndi nyumba ziwiri za njerwa zofiira m'mphepete mwa madzi, ina ya nsomba, ina ya zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo tsiku limenelo alimi amayalanso malonda panja. Fikani isanakwane 9 koloko, yendani benchi ndi benchi, muyang'ane maso ndi makha a nsomba mmene munkachitira padoko kwanu, muone imene yachuluka tsiku limenelo. Imeneyo ndiyo mukaitanitse masana.